Mzere wa Kumphepo

Bambo anabzala mizere itatu
chaka chomwe mwera unasasula denga la khitchini
n'kukalitula m'dimba la a Luhanga.
Mbande anakazitenga ku Lusangazi pa njinga,
m'timachubu takuda,
zina zinafika zitathyoka khosi.
Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi,
ntchito yanga inali kheni yothirira.

Lero ndabwera kudzawerenga munda ndi mapazi.

Kuchokera patsinde, phazi loyamba mpaka lachisanu,
chimanga n'chachikasu, cholekeza m'mawondo,
ngati ana opita kusukulu osalawa kanthu.
Apa mizu ya bulugamu imadya usiku,
imamwa osaodira,
ndipo mthunzi suchoka
ngakhale dzuwa litatalikira mapiri a Kaning'ina.
Mayi amati mizere iyi ndi msonkho,
timangolipira.

Phazi lakhumi, dothi layamba kuda.
Ndatapa, lagwirana m'manja,
likununkhira ngati bowa wa m'masuku.
Masamba a giliveliya a zaka makumi awiri
anagona apa mosanjikizana
mpaka kuiwala kuti anali masamba.
Nyongolotsi yatuluka, yandiona, yabwerera.
Nkhungu ya mu Juni ikakodwa m'nthambi
imadontha pang'onopang'ono mpaka masana,
ndipo nyemba zimamwa mvula
imene sinagwe kwa wina aliyense ku Nkhorongo kuno.

Phazi la makumi awiri, mapesi andipitirira msinkhu,
palibe logwa.
Ndikumva mphepo kumwamba kokha,
ikudutsa ngati basi ya ku Karonga
yosaima pa siteji yathu.

Koma pa makumi anayi imatsika.
Imatera ndi mkwiyo wonse umene inausunga,
katondo ali poyera, wofiira, wolimba ngati njerwa,
fetereza wa chaka chatha anapita ndi fumbi.
Apa ndi pomwe dzanja la bambo linalekeza.

Ndabwerera ku mitengo.
Ya mzere wam'kati ndi yowongoka,
ukaiyang'ana kunsonga chipewa chimagwa.
Ocheka matabwa a ku Zolozolo amaisisita,
kuiyeza ndi mikono, kutchula mtengo wake motsitsa mawu.
Ya mzere wakunja, wa kumphepo,
inabzalidwa tsiku limodzi ndi inzake,
inamwa m'kheni imodzi,
koma ndi yaifupi, yopindika msana,
nthambi zonse zinathawira mbali imodzi,
makungwa ang'alukang'aluka ngati zidendene.

Wocheka wina dzulo anati,
iyi yokhotayi ndi nkhuni basi,
gwetsani, ikungodya malo.

Achimwene a Vitumbiko sanayankhe.
Iwo anasiya sukulu ali fomu thu
bambo atagona,
n'kupita ku Chikangawa kukasenza matabwa aawisi
kuti ine ndi Suzgika tilembe mayeso.
Phewa lawo lamanja linatsika,
silinabwererenso.
Ine ndimavala yunifomu yoyera ku chipatala chachikulu,
anthu amati ndinakula bwino.

M'mawa uno ndawapeza ndi khasu,
akukumba ngalande pakati pa mitengo ndi chimanga,
yakuya mpaka m'chiuno,
akudula mizu yolowera kumunda.
Akuti mtengo suusiyitsa kudya,
umangouuza polekezera mbale yake.
Pamene panauma bulugamu awiri
aikapo mthethe ndi katope,
kunja kwenikweni, kumene mwera umayambira kumenya.

Ndinati, achimwene, imeneyo idzakhotatu.

Anapukuta thukuta ndi chipewa,
anayang'ana timbande tija, tosafika n'pachibakera,
n'kupondereza dothi ndi chidendene.
Anati, eya.
Tenga kheni.